Mmene Mwana Amapezera Mbali Yaikulu mu Filimu: Malangizo kwa Makolo ndi Aphunzitsi

Chakumapeto kwa chaka cha 2017, anthu a kwa Wimbe kuno ku Kasungu anaona zinthu zimene ambiri a ife tinkangozimva: magalimoto odzaza ndi makamera, nthambo ndi magetsi, pamodzi ndi alendo ochokera m'mayiko osiyanasiyana amene anabwera kudzajambula filimu yonena za William Kamkwamba, mnyamata amene anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Filimuyo, The Boy Who Harnessed the Wind, anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, amenenso anasewera ngati bambo a William, ndipo inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu Malichi 2019. Amalawi anapezamo malo: Lily Banda anasewera ngati Annie, mlongo wake wa William, ndipo Philbert Falakeza anasewera ngati Gilbert, mnzake wa ponda apa nane mpondepo. Koma mbali yaikulu, ya William mwiniwake, inapita kwa Maxwell Simba, mnyamata wa ku Kenya, amene anachita kuphunzira mawu a Chichewa kuti ntchitoyo aikwanitse.

Chiyambireni nthawi imeneyo, makolo a ana amene ndimawaphunzitsa zisudzo kusukulu akhala akundifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mwana ameneyu anamupeza bwanji, pamene ana odziwa Chichewa ali mbwee konkuno?" Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake si mwayi wokha. Pali njira imene opanga mafilimu akuluakulu amatsata posankha ana, ndipo ndaona kuti ana athu ambiri sagwa chifukwa chosowa luso, koma chifukwa chakuti ife akuluakulu timawakonzekeretsa molakwika. Zimene ndalemba pano ndi zoti kholo kapena mphunzitsi atsate kuyambira tsiku limene wamva kuti kukufunika mwana mpaka tsiku limene mwanayo wabwerera m'kalasi.

Choyamba, dziwani amene amasankha ndi kumene amayang'ana

Filimu ikakhala yaikulu, mtsogoleri wake sayendayenda yekha kufunafuna ana. Pamakhala munthu wolembedwera ntchito imeneyi, amene pa Chingelezi amati casting director, ndipo pano tizimutcha wosankha osewera. Iyeyu amawerenga nkhani yonse ya filimuyo n'kulemba mwachidule za munthu aliyense wofunika: zaka zake, chilankhulo chake, maonekedwe ake ndi mtima wake. Akatero amasefa ana mazanamazana mpaka kutsala ochepa, ndipo mawu otsiriza amakhala a mtsogoleri wa filimu pamodzi ndi eni ndalama.

Ana amawapeza m'njira zitatu. Yoyamba ndi kudzera mwa owaimira osewera, amene ali ndi maofesi m'mizinda ngati London, Los Angeles ndi Johannesburg, ndipo njira imeneyi ili kutali ndi mwana wa ku Chamama kapena ku Santhe. Yachiwiri ndi chilengezo chapoyera, chimene chimalola mwana aliyense wokwanira zaka zofunikazo kuyesa nawo. Yachitatu, imene ikutikhudza kwambiri ife, ndi yakuti wosankha osewera amadzuka yekha n'kuyenda m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'mabwalo a masewera. Madina Nalwanga, amene anatenga mbali yaikulu mu Queen of Katwe ya mu 2016, anamupeza pagulu la ana ophunzira magule mumzinda wa Kampala. Abraham Attah wa ku Ghana anamuona akusewera mpira, ndipo atasewera mu Beasts of No Nation analandira mphotho pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice mu 2015. Ana awiriwa anapezeka chifukwa anali pagulu, pamalo oti mlendo atha kufikapo n'kuwaona. Choncho ntchito yoyamba ya kholo ndi kulola mwana kukhala m'gulu la zisudzo, m'kwaya, m'magule kapena m'timu ya mpira, ndipo ntchito ya mphunzitsi ndi kuonetsetsa kuti aphunzitsi aakulu akudziwa ana a luso lotere, pakuti kalata ya opanga filimu ikabwera imafikira ku ofesi yawo.

Dziwaninso kuchuluka kwa opikisana nawo. Pamene kampani ya HBO inalengeza mu 2024 kuti ikufuna ana atatu a sewero latsopano la Harry Potter, ana opitirira 30,000 anatumiza makanema awo. Chiwerengero chotere muchinene kwa mwana pachiyambi pomwe, kuti adziwe kuti kusasankhidwa ndi chinthu chimene chimagwera pafupifupi aliyense.

Chachiwiri, tsimikizani kuti chilengezocho n'choona

Musadumphe sitepe imeneyi ngakhale nthawi itachepa bwanji. Anthu ozembetsa ana ndi akathyali amadziwa kuti mawu akuti "filimu" amafewetsa mtima wa kholo, ndipo uthenga wabodza umayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook mofanana ndi woona. Lamulo losavuta n'lakuti opanga filimu enieni salipiritsa mwana kuti ayesedwe. Munthu akakuuzani kuti mutumize ndalama ya fomu, ya kulembetsa kapena ya kusungitsa malo kudzera pa foni, dziwani kuti mwakumana ndi wakuba. Ngakhale woimira osewera weniweni salandira kanthu pachiyambi. Amadula gawo lake pa malipiro mwana akapeza ntchito.

Funsani dzina la kampani, dzina la wosankha osewera, ndi mafilimu amene anagwirapo kale, kenaka mufufuze mayinawo pa intaneti. Alendo obwera kudzajambula m'Malawi amayenera kukhala ndi chilolezo cha boma, ndipo sangagwire ntchito m'mudzi osadutsa kwa a DC ndi kwa mafumu, choncho kufunsa ku ofesi ya boma pa Kasungu kapena kwa a gulupu si kuvutitsa munthu. Mukhozanso kufunsa a bungwe la opanga mafilimu la Film Association of Malawi ngati akudziwapo kanthu. Safunsa anadya phula.

Pali zizindikiro zina zimene mukaziona muyenera kusiya zonse nthawi yomweyo: munthu wofuna kulankhula ndi mwana payekha pa foni, wopempha zithunzi za mwana atavula kapena atavala mosadzilemekeza, woitanira mwana ku chipinda cha malo ogona alendo, kapena wonena kuti mwana awoloke malire popanda kholo ndipo mapepala adzakonzedwa kutsogolo. Zikatero kanenani ku polisi ku nthambi ya Victim Support Unit, ku ofesi ya Social Welfare, kapena imbani nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2015 lolimbana ndi kuzembetsa anthu, ndipo kunena msanga kumateteza ndi ana a anzanu omwe.

Mukatsimikiza kuti zonse zili bwino, mufunseni mwanayo ngati akufuna, ndipo mumufunse pamalo poti atha kukana mopanda mantha. Mwana wokakamizidwa amaonekeratu pa kamera, ndipo osankha osewera amazindikira msanga pamene chilakolako chili cha kholo.

Chachitatu, mukonzekeretseni mwana kukhala weniweni

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, ndipo ine ndinalakwitsapo. Zisudzo zimene tinakula nazo ndi za pabwalo ndi za m'holo, monga za mipikisano ya masukulu ya ATEM, kumene wosewera ayenera kukweza mawu kuti wakumbuyo amve, kutambasula manja, ndi kutembenukira kwa oonerera. Luso limeneli ndi labwino pamalo pake. Koma kamera imakhala pafupi ndi nkhope, imaona ngakhale kuphethira kwa diso, ndipo chimene chimaoneka champhamvu m'holo chimaoneka chonamizira pa kanema.

Chaka china ndinakonzekeretsa mtsikana wa Fomu 1 kwa masabata awiri kuti tijambule kanema woyesera. Ndinamuphunzitsa poima, pokweza mawu, poika dzanja pachifuwa. Titajambula, mawu onse anawakumbukira, koma chimene chinatuluka chinali ndakatulo ya pa asembule. Tikupuma, foni ndinaisiya ikujambulabe pa desiki mosadziwa, ndipo mtsikanayo anayamba kufotokozera mnzake za m'mawa umene agogo ake anatsegula khola n'kupeza mbuzi zonse zitabedwa. Analankhula motsitsa, akukanda choko chimene chinamatirira pa desiki, ndipo atafika ponena kuti agogowo anangokhala pansi pakhomo la khola osanena kanthu, anaima kaye n'kumeza malovu. Madzulo nditaonera kanemayo ndinazindikira kuti masabata awiri aja ndinawathera kukwirira chinthu chimene osankha osewera amayenda mitunda kuchifunafuna.

Choncho musamuphunzitse mwana kanenedwe ka mawu alionse. Muthandizeni kumvetsa nkhani: munthu amene akumusewerayo ndi ndani, akulankhula ndi yani, akufuna chiyani kwa iye, ndipo changochitika n'chiyani. Mawu awaloweze ndithu mpaka asamawaganizirenso, koma awaloweze mopanda nyimbo, monga mmene munthu amalowezera nambala ya foni, kuti kamvekedwe kadzabwere kokha pamene akuyankha mnzake. Pomuyeserera, inu muziwerenga mbali ya munthu winayo ndipo muzisintha kawerengedwe, ulendo uno mokalipa, ulendo wina monyengerera, n'kuona ngati yankho la mwana likusintha. Likasintha, ndiye kuti akumvetsera. Likamatuluka chimodzimodzi nthawi zonse, ndiye kuti akungodikira nthawi yake yolankhula, ndipo muyenera kubwerera pa nkhani ija. Kumvetsera ndiko osankha osewera amayang'ana kuposa china chilichonse, chifukwa mwana womvetsera angathe kuwongoleredwa ndi mtsogoleri wa filimu.

Pali nkhani ina imene mabuku a kunja sanena koma kwa ife ndi yaikulu. Mwana woleredwa bwino kuno amagwada kapena kunjuta polankhula ndi wamkulu, amayang'ana pansi, ndipo akafunsidwa amayankha mwachidule kuti "eya" kapena "ayi". Umenewu ndi ulemu, ndipo sindikunena kuti tiutaye. Koma mlendo amene ali ndi mphindi zisanu zokha ndi mwana aliyense angaganize kuti mwanayo ndi wamantha kapena alibe chonena. Mufotokozereni mwana momveka kuti m'chipinda choyeseramo amaloledwa kuyang'ana wamkulu kumaso, kuyankha motalika, kufunsa ngati sanamve, ngakhale kumukalipira wamkuluyo ngati sewero likutero, ndipo akatuluka ulemu wake uli pomwepo. Chilolezo chimenechi chiyenera kuchokera pakamwa pa kholo lenilenilo, chifukwa mwana sangachilandire kwa mlendo. Muyesereni kunyumba: madzulo mukamakonola chimanga, muuzeni akufotokozereni zimene anaona ku chigayo kapena pa msika, akukuyang'anani, mpaka azolowere.

Za Chingelezi musade nazo nkhawa kwambiri, ndipo musamukakamize mwana kulankhula mopotokola lilime ngati wa ku America. Sunny Pawar wa ku India sankalankhula Chingelezi pamene anasankhidwa kusewera mu Lion ya mu 2016. Ngati akufuna mwana wa Chimalawi, akufuna kalankhulidwe kake komweko.

Chachinayi, jambulani zithunzi ndi kanema woyesera

Masiku ano mayeso oyamba nthawi zambiri amachitika pa foni. Mudzapemphedwa zithunzi ziwiri, china cha nkhope ndi china cha thupi lonse, komanso kanema wamfupi. Zithunzi zikhale za posachedwa, zopanda zodzoladzola, zopanda wigi, ndiponso zosakongoletsedwa ndi zosefera za pa foni. Palibe chifukwa cholipirira situdiyo. Werengani malangizo awo kawiri ndi kuwatsata ndendende. Akati kanema asapitirire mphindi ziwiri, wa mphindi zitatu akhoza kusaoneredwa n'komwe.

Sankhani khoma lopanda zithunzi kapena makalendala, ndipo mwana aime pang'ono kutsogolo kwake. Kuwala kuzimenya nkhope yake, choncho zenera kapena chitseko chikhale kumbuyo kwa wojambula. Mukamuimika mwana atafulatira zenera, nkhope imada bii ndipo maso saoneka. Ngati mukujambulira panja, chitani m'mawa kapena chakumadzulo pamthunzi, osati dzuwa lili paliwombo. Foni muigoneke chopingasa pokhapokha atanena zina, muipukute galasi lake, ndipo muikhazike pa mulu wa mabuku kapena njerwa kuti ifanane ndi maso a mwana, chifukwa dzanja limanjenjemera. Chithunzi chiyambire pachifuwa kufika pamwamba pa mutu. Mawu ndi ofunika ngati chithunzi, ndiye dikirani chigayo chizime, zimitsani wailesi, ingitsani nkhuku, ndipo ngati nyumba ili m'mbali mwa msewu umene njinga zamoto za kabaza zimadutsa, pemphani kalasi kusukulu Loweruka.

Poyamba mwana ayang'ane mu kamera n'kunena dzina, zaka, kutalika kwake ndi kumene amakhala. Kutalika muyezeretu ndi tepi ya telala, mwana atavula nsapato. Sewero likayamba asayang'anenso mu kamera, koma kwa inu amene mukuwerenga mbali inayo mutaima pambali penipeni pa foni, ndipo inu mutsitse mawu popeza muli pafupi ndi foniyo kuposa iye. Jambulani katatu kapena kanayi basi. Mukapitirira apo mwana amatopa ndipo moyo wa sewero umauma. Posankha woti mutumize, tengani umene mwana akuoneka wamoyo ngakhale atapunthwa liwu limodzi, kusiyana ndi wosalala koma wouma.

Tumizani m'njira imene iwo anena, ndipo ngati ndi pa WhatsApp mutumize ngati document kuti kanema azionekabe bwino. Lembani dzina la mwana ndi mbali imene akuyesera, ndipo nambala ya foni ikhale ya kholo. Gulani bandulo yokwanira ndipo musadikire tsiku lomaliza, poti netiweki ndi magetsi sizipangana ndi munthu. Mawu a sewero amene akutumizirani ndi achinsinsi. Kuwaika pa Facebook kungachotsetse mwana pa mndandanda.

Pa zaka nenani zoona. Nkhani ya Quvenzhané Wallis wa ku America, amene ananama zaka zake n'kuyesa ali ndi zaka 5 pamene ankafuna a zaka 6 kupita m'tsogolo, n'kudzafika popikisana nawo pa mphotho ya Oscar ali ndi zaka 9, imatchuka chifukwa ndi yosowa. Kwa ana ambiri bodza lotere limaululika pa kalata ya kubadwa, ndipo limaononga chikhulupiriro.

Chachisanu, tsiku lokaonekera pamaso

Kanema akawakopa, adzaitana mwana kuti akamuone, mwina pa Kasungu pomwepa, mwina ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Funsiranitu ngati abweza ndalama ya thiransipoti. Mwana agone mokwanira, adye, ndipo mutenge madzi ndi kamba chifukwa mzere umatalika. Avale zovala zake za masiku onse zochapa bwino, osati suti yobwereka imene ikumulepheretsa kupuma. Musamumete kapena kumuluka tsitsi mwachilendo, popeza anamukonda monga anaonekera pa kanema.

Kawirikawiri kholo limadikira panja, chifukwa ana ambiri amamangika kholo likamawayang'ana. Zimenezi n'zachizolowezi, komabe muli ndi ufulu wodziwa amene ali m'chipindamo, ndipo simuyenera kuvomera kuti mwana atsekeredwe ndi munthu mmodzi kutali ndi kumene muli. M'katimo adzacheza naye pang'ono, adzamuuza achite sewero lija, kenaka adzanena kuti, "Chitanso, koma ulendo uno ngati ukubisa kanthu," kapena mawu ena otero. Muuzirenitu mwana kuti kuuzidwa kubwereza sikutanthauza kuti walakwa. Nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti achita naye chidwi ndipo akufuna kuona ngati angasinthe. Mwinanso adzamupatsa nkhani yopanda mawu olembedwa kuti apeke yekha, ndipo apa mwana wozolowera nthano za madzulo amapambana.

Akatuluka musamupanikize ndi mafunso akuti wakhoza kapena walephera. Mufunseni ngati wasangalala, mumugulire chakumwa, muzipita.

Chachisanu ndi chimodzi, kuitanidwanso ndi kudikira

Mbali yaikulu sapereka pa ulendo umodzi. Mwana akhoza kuitanidwa katatu, kanayi kapena kuposa, pa miyezi ingapo, ndipo ulendo uliwonse gulu limachepa. Chakumapeto amakumana ndi mtsogoleri wa filimu, amasewera ndi akuluakulu amene adzakhale makolo ake m'filimumo kuti aone ngati akugwirizana, ndipo amajambulidwa ndi kamera yeniyeni atavala zovala za m'sewero. Nthawi zina ana otsalawo amawasonkhanitsa kwa masiku angapo kuti aone amene amapirira kutopa ndi kubwerezabwereza. Dziwani kuti pamenepa nanunso akukuyang'anani: kholo lofika mochedwa, lolowerera pa chilichonse kapena loyamba kukamba za ndalama nthawi isanakwane limachititsa opanga filimu kuganiza kawiri, chifukwa adzakhala nalo miyezi yambiri.

Zifukwa zomaliza nthawi zambiri sizikhudza luso. Mwana akhoza kusiyidwa chifukwa ndi wamtali kuposa amene asewere ngati mkulu wake, chifukwa safanana ndi amene asewere ngati mayi ake, chifukwa mano akutsogolo aguluka, kapena chifukwa mawu ayamba kusintha kujambula kusanayambe. Opanga mafilimu amakondanso mwana wamkulupo amene amaoneka wamng'ono, poti malamulo amamulola kugwira maola ochulukirapo. Ambiri osasankhidwa sauzidwa n'komwe. Zikatero muuzeni mwana zoona mwachifatse, ndipo musasiye kumutumiza ku gulu la zisudzo, pakuti wosankha osewera amasunga makanema a ana amene anamusangalatsa ndipo amawakumbukira pa mbali zing'onozing'ono kapena pa filimu ina.

M'miyezi yodikirayi sukulu ipitirire monga kale. Ndaonapo banja likuyamba kumutcha mwana "wa m'filimu" atangoitanidwa kachiwiri, mwanayo n'kuyamba kujomba. Kuno kwathu kolima fodya timadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chachisanu ndi chiwiri, mgwirizano

Mwana akasankhidwa, chimwemwe chisakusainitseni pepala limene simunalimvetse. Pemphani kope, mupite nalo kunyumba, ndipo mupeze loya kapena munthu wodziwa bwino Chingelezi cha malamulo akuwerengereni ndime ndi ndime. Mupemphenso kuwerenga nkhani yonse ya filimuyo, kapena akufotokozereni chilichonse chimene mwana adzachite ndi kuona, makamaka ngati muli zachiwawa, maliro, moto, madzi akuya kapena zinthu zosemphana ndi chikhulupiriro chanu. Kukana kusanasainidwe n'kosavuta. Pakati pa kujambula n'kovuta kwambiri.

Mgwirizanowo unene momveka malipiro onse, ndalama ya dziko liti, ndi masiku olipira. Masiku ojambula ndi maola a tsiku lililonse. Amene adzalipire ulendo, malo ogona, chakudya ndi chipatala cha mwana pamodzi ndi cha kholo lomuperekeza. Ndiponso ngati mwana adzafunike pa maulendo otsatsa filimuyo ikadzatuluka. Kholo kapena wachibale wodalirika azikhala pamalo ojambulira nthawi zonse, poti atha kumuona mwanayo. Ku Britain mwana sajambulidwa popanda chilolezo cha khonsolo ya kwawo ndi womuyang'anira wovomerezeka, ndipo ku California amayenera kuphunzira maola atatu pa tsiku la sukulu ndi mphunzitsi wa pamalo ojambulira. Makampani akuluakulu amazidziwa bwino zimenezi, choncho musachite manyazi kupempha kuti mwana wa ku Kasungu asamalidwe chimodzimodzi. Mphunzitsi ameneyo atsate silabasi yathu, ndipo ngati mwana ali mu Sitandade 8, Fomu 2 kapena Fomu 4, masiku a mayeso a MANEB alembedwe mu mgwirizano kuti sadzakhudzidwa.

Malamulo athu nawo ali ndi mawu. Chiyambire 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo kwa a zaka 14 mpaka 18 limaletsa ntchito yoika moyo pachiswe kapena yosokoneza sukulu. Chifukwa cha ichi, pitani ndi mgwirizanowo ku ofesi ya zantchito ndi ya Social Welfare pa boma kuti akuunikireni musanasaine, makamaka ngati mwana ndi wamng'ono. Konzeranitu kalata ya kubadwa yochokera ku NRB, ndipo ngati pali ulendo wa kunja, yambani msanga za pasipoti ya mwana ndi yanu.

Nkhani ya ndalama ndiyo imaphwasula mabanja, ndipo ndikupempha kuti muimve bwino. Jackie Coogan anali mwana wotchuka kwambiri amene anasewera ndi Charlie Chaplin mu 1921, koma atakula anapeza kuti mayi ake ndi bambo omupeza anadya pafupifupi chuma chake chonse, ndipo anawasumira mu 1938. Chaka chotsatira California inakhazikitsa lamulo lotchedwa ndi dzina lake, ndipo lero gawo la 15 pa 100 alionse a malipiro a mwana limaikidwa mu akaunti imene ndalama zake sizitapidwa mpaka mwanayo atakwanitsa zaka 18. Inu musadikire kuti lamulo likukakamizeni. Tsegulani akaunti ku banki m'dzina la mwana, mugwirizane monga banja, pamaso pa amalume ake kapena mboni ina yodalirika, kuti ndi gawo liti lisungidwe, ndi liti lipite ku fizi, ndi liti lithandize pakhomo, ndipo mulembe zimenezi ndalama isanafike. Ikafika, achibale odzapempha feteleza ndi malata adzachuluka, ndipo pepala limenelo ndi limene lidzakuthandizeni kuyankha popanda kudana ndi munthu.

Pojambula ndi pobwerera kunyumba

Ntchito yojambula ndi yotopetsa kuposa mmene imaonekera. Mwana amadzuka m'bandakucha, amadikira maola ambiri kuti magetsi ndi makamera akonzedwe, kenaka amabwereza kachigawo kamodzi kakhumi kapena kuposa. Ntchito yanu kumeneko si kumuphunzitsa kusewera, imeneyo ndi ya mtsogoleri wa filimu. Yanu ndi kuona kuti wadya, wamwa madzi, wapuma, wagona m'neti, waphunzira, ndipo maola amene munagwirizana sakupitiriridwa. Tsiku loyamba funsani dzina la munthu woyang'anira chitetezo cha ana kuti mudziwe kokadandaula. Madzulo alionse muzicheza naye awiriwiri, ndipo akanena kuti munthu wina akumusowetsa mtendere, mukhulupirireni ndi kuchitapo kanthu tsiku lomwelo. Akasewera chigawo cha kulira kapena cha mantha, mupatseni nthawi yoti mtima ubwerere m'malo asanagone.

Kujambula kukatha, magalimoto amapita ndipo filimu imatenga nthawi kuti ituluke. Ya kwa Wimbe ija inadutsa chaka chathunthu isanaonetsedwe. Mwana amene ankatengedwa pa galimoto ndi kupatsidwa chakudya pa nthawi yake amabwerera kokatunga madzi ndi kokapalira, anzake ena akumuchitira nsanje, ena akumuseka kuti filimu yake ili kuti. Mukonzekeretseni zimenezi kujambula kusanathe, ndipo ntchito zake za pakhomo azipeze zikumudikira. Sabata yomwe mwabwerera, pitani naye kwa aphunzitsi aakulu mutanyamula makope ndi lipoti la mphunzitsi wa kojambulira, mugwirizane maphunziro amene watsalira ndi amene amuthandize masana, ndipo Lolemba lotsatira alowe m'kalasi atavala yunifolomu ngati anzake.